Masabata Atatu Opanda Dizilo

Ulemu mwana wanga, za ubwana wanga ndidzakuuza pakamwa, si zambiri. Zimene ndikulemba muno ndi za ntchito, ndiponso za iwe, chifukwa ziwirizi sindinathe kuzilekanitsa. Tsiku lija ananditsanzika ku kampani, tili m'galimoto kubwerera kunyumba, unandifunsa ukuseka kuti, "Koma amayi, ine munandiperekeranji ku Mulanje? Ndinali wovuta kwambiri?" Ndinayankha kuti inali ntchito. Unagwedeza mutu n'kuyang'ana pawindo. Yankho limenelo linali lalifupi, ndipo theka lake linali bodza. Ndayesa kangapo kukuuza zonse, koma ndalephera. Ndiye ndagula kope.

Zaka ziwiri zoyamba, m'tauni ya Blantyre

Nditatenga setifiketi yanga ya ulembi ndinalembedwa ntchito pa kampani ina ya mabasi, ku ofesi yake ya m'tauni. Inali m'chipinda cham'mwamba, ndipo ukasuzumira pawindo umaona madenga a maminibasi ali bii mumsewu ngati nyerere zapeza shuga. Bwana wanga anali Mayi Matiki, munthu wosaseka, amene kalata ikakhala ndi cholakwika chimodzi ankaibweza n'kungoloza ndi chikhadabo. Ndinkawaopa, koma ndi amene anandiphunzitsa kuti cholembedwa chizikhala choona. Ndikulemba izi ndikuchita manyazi ndi iwo, ngakhale anatisiya kalekale.

Ndili kumeneko ndinakwatiwa ndi bambo ako, tinapeza nyumba ya zipinda ziwiri ku Manja, ndipo iwe unabadwa. Uli ndi miyezi isanu ndi itatu bambo ako anapita ku Joni kukafuna ntchito. Poyamba ankaimba foni mlungu uliwonse, kenako mwezi uliwonse, kenako ndinasiya kudikira. Za iwo ndilekeza pomwepa.

Ndinali mayi wamantha, Ulemu. Ukagona masana ndinkaika chala pamphuno pako kuti ndimve ngati ukupuma. Chimene ndinkaopa koposa zonse chinali mphepo. Mlongo wanga wamng'ono anamwalira ndi chibayo ali wakhanda, ndipo kwathu tinakula tikumva kuti inamulowa ndi mphepo. Choncho iwe ndinkakuveka zipewa ziwiri, masokosi, juzi, n'kukufunditsanso bulangeti, ngakhale mu Okotobala. Mayi wina woyandikana nafe, amene ankakusunga ine ndikapita kuntchito, ankandiseka pampanda kuti, "Amake Ulemu, mwanayo mukumulera kapena mukumuphika?"

Chaka chachitatu, ku yadi ya ku Limbe

Makompyuta atabwera ku ofesi, otayipa tinachuluka. Mayi Matiki anandiitana nati, "Kwatsala malo amodzi, pageti la ku yadi ku Limbe. Si malo a munthu wa setifiketi, koma ndi malo." Ndinavomera ndisanakhale n'komwe pansi.

Yadi ndi kumene mabasi ankagona ndi kukonzedwa. Inali ndi mpanda wanjerwa wautali, ndipo mbali yaikulu inali yofoleredwa ndi malata. Ine ndinali m'kachipinda kapageti ndi buku lalikulu: basi ikamatuluka ndilembe nambala yake, dalaivala, kumene ikupita ndi nthawi, ikamalowa chimodzimodzi. Kunja kwa geti kunali msewu umene maminibasi ankafola podikira kulowa mu depoti. Basi ya antchito inkatitenga ku Manja kusanache bwino. Mwezi womwe ndinayamba, mayi ankakusunga uja anasamukira ku Mbayani kutsatira amuna awo. Ndinayesa kwina kuwiri, konse ndinakupeza ukulira ndi thewera lonyowa, ndipo mtima wanga unakana. Tsiku lina ndinangokubereka kumbuyo n'kukwera nawe basi ya antchito.

Woyang'anira yadi anali a Namate, bambo wamimba yaikulu, mkulu wa mpingo kwawo. Anakuona kumsana kwanga, anavula magalasi, anawavalanso.

"Mayi, malamulo a kampani mukuwadziwa?"

"Ndikuwadziwa, bwana."

"Ine sindinaone kanthu. Koma wina aliyense kunja kwa mpanda uno akamva, ine ndi inu tituluka pageti lomweli, ndipo sipadzakhala wotilemba m'buku."

Tsopano ndikuuze mmene tinkagwirira ntchito kumeneko, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Mabasi athu anali akale ndipo mabatire ake anali otopa. Basi ikazima, kuti ilirenso pankafunika amuna khumi oikankha. Choncho lamulo la pa yadi, losalembedwa paliponse, linali lakuti basi ikalira isiyeni ilire. Amakaniko ankaziliza zonse m'mamawa kuti zitenthe ndi kudzaza mpweya wa mabuleki, ndipo zinkangoima pamzere pansi pa malata zikunthunthumira, ina ola limodzi, ina maola awiri. Yobwera masana sinkazimitsidwanso ngati ikubwerera. Utsi unkakwera, n'kugunda denga, n'kutsikanso. Ife tinkaona ngati nkhungu chabe. M'miyezi ya chiperoni amayi osesa ankaima dala kumbuyo kwa basi kuti utsi wa ekizozi uwafunditse miyendo, ndipo ine ndinkaima nawo.

M'mawa wina wa mu Juni, mvula yawaza, dalaivala wa basi ya ku Mulanje anabwera pawindo langa. Anali Che Sumani, bambo wachisilamu wa ndevu za imvi, wa ana aakazi asanu ndi mmodzi, wosakweza mawu ngakhale kwa kondakitala wakuba.

"Achemwali, mwanayu akunjenjemera. Kachipinda kanuka n'kasimenti kokhakokha. Bwerani naye kuno, ndili ndi malo."

M'basi yawo injini inali kutsogolo, pambali pa mpando wa dalaivala, yovindikiridwa ndi chimene tinkachitcha boneti. Anayalapo bulangeti lako n'kukukhazika. Panali pofunda ngati pamsana pa munthu. Unasiya kunjenjemera, unayamba kuseka kugwedezeka kwake, ndipo posakhalitsa unagona. Ndinathokoza Mulungu. Ndinati mumtima, mphepo ndaigonjetsa.

Kuyambira tsiku limenelo amenewo anali malo ako mpaka basi ya ku Mulanje inyamuke, ndipo ikanyamuka madalaivala ena ankakulandirana. Anakupatsa dzina lakuti Inspekitala, chifukwa unkaima pachitseko manja kumbuyo n'kumawayang'ana. Wina akachedwa anzake ankati, "Fulumira iwe, Inspekitala akulemba!" Unaphunzira kukuwa ngati kondakitala usanathe kutchula dzina lako: "Mulanje-Muloza! Mulanje-Muloza!" Che Sumani ankakubweretsera nthochi ndi chinanazi chosenda kale. A Namate, amene amati sanaone kanthu, ankasunga masikono m'dirowa. Ine ndinkalemba buku langa, n'kukweza maso, n'kukuona pagalasi la basi ukudya nthochi, zipewa ziwiri kumutu.

Ndivomere pano chinthu chovuta. Pa zaka zonse ndagwira ntchito, masiku amene ndimawalakalaka ndi amenewo. Ndikatseka maso sindiona setifiketi yotamanda utumiki wanga imene anandipatsa potsanzikana. Ndimaona iwe paboneti paja. Malo amene ankakudwalitsa ndi malo omwewo amene ndinali nawe tsiku lonse, ndipo mpaka lero sinditha kuwada.

Chaka chachinayi, kuchipatala koyamba

Madzulo ndikamakusambitsa, m'mphuno mwako munkatuluka zakuda. Kolala ya diresi inkada tsiku limodzi. Amayi osesa ankati, "Amenewo ndi mafuta a kampani, tonse timadzola," ndipo tinkaseka. Kenako chimfine chinayamba kukukonda. Chikatha mlungu uno, mlungu wamawa china. Khutu, zilonda zapakhosi, chifuwa chosatha. Mwana wa aliyense akayetsemula ku tchalitchi, Lachiwiri iwe wagona. Kenako m'chifuwa mwako munayamba kulira kakhweru kakang'ono ukamatulutsa mpweya.

Maganizo anga anathamangira kutali. Ndi bambo ako ali kumene anali, ndinaopa matenda aja tonse tinkawaopa, ndipo tinakayezetsa magazi ine ndi iwe. Anatipeza tilibe. Ndinalira ndi chimwemwe pabenchi, koma adokotala, mnyamata wamtali wotopa m'maso, sanamwetulire. Anakumvetsera kumsana nthawi yaitali nati ndi mphumu.

"Mumaphikira nkhuni kapena makala m'nyumba?"

"Ayi, mbaula imakhala panja."

"Alipo wosuta fodya pakhomo?"

"Palibe."

"Nanga masana mwanayu amakhala kuti?"

Ulemu, apa ndi pamene pali bodza langa loyamba. Ndinati, "Amakhala kunyumba." Ndinakumbukira mawu a a Namate. Komanso ndinachita manyazi: mayi wovala bwino, wa setifiketi, akulera mwana m'galaja? Adokotala analemba m'buku lako la kuchipatala, nandipatsa kampope kopopera mankhwala. Namwino anatenga botolo lapulasitiki, analiboola kumbuyo, n'kundionetsa kulowetsa kampopeko kuti iwe uzipumira kukamwa kwa botolo. Ndinaphunzira msanga. Ndinkayenda nalo m'chikwama ngati Baibulo.

Ndipo taona uchitsiru wake. Popeza ndinkakhulupirira kuti chikukudwalitsa ndi mphepo, ukatsokomola kwambiri ndinkakuthamangitsira paboneti mofulumira kuposa kale. Ndinkatseka mawindo a kachipinda kanga akumbali ya bwalo, n'kusiya lotsegula lakumbali ya mabasi, chifukwa kumeneko n'kumene kunkachokera kamphepo kofunda.

Julaye wa chaka chomwecho

Kenako dizilo anasowa. Si ife tokha, tauni yonse inali pamizere. Thanki ya pa yadi inauma, ndipo mabasi anazima imodzi imodzi mpaka yomaliza. Anatiuza kuti tizibwerabe tsiku lililonse. Basi ya antchito nayo inaima, ndiye ndinkakubereka n'kuyenda wapansi mbali ina ya ulendo. Maminibasi akunja kwa geti anachepa kwambiri moti unkatha kuwoloka msewu osathamanga.

Sindinadziwe kuti Limbe ali ndi mawu ena. Tinkamva kuitana kwa kumzikiti bwinobwino, sitima ikamagunda mabogi kusiteshoni, ngakhale mpheta zimene zinali ndi zisa m'denga lathu lomwelo. Madalaivala anajambula bawo pasimenti n'kumasewera ndi timiyala. Kunkazizira koopsa, ndipo panalibe boneti lofunda. Ndinkada nkhawa kuti mwezi uno ndiye undithera m'manja. Koma iwe unkathamanga pakati pa mabasi ozima aja, kubisala kuseri kwa matayala, chipewa chimodzi chagwa uko, china uko.

Mlungu wachiwiri uli pakati, ndikufuna cholembera m'chikwama, dzanja langa linagunda botolo lija. Ndinaima. Ndinayesa kukumbukira tsiku limene ndinalitulutsa komaliza, ndipo linali tsiku limene basi yomaliza inazima.

Che Sumani nawo anaona. Anabwera pawindo, anayang'ana iwe ukuthamanga, nati motsitsa mawu, "Achemwali, Inspekitala masiku ano sakutsokomola."

"Ndi mankhwala aja, agwira tsopano."

"Mankhwala," anatero. Anakanda ndevu. "Mwina ndi mankhwala."

Koma tonse awiri tinadziwa. Ine ndinadziwa, Ulemu. Usadzamve wina akunena kuti amayi ako sankadziwa. M'mawa uliwonse a Namate ankatisonkhanitsa kupemphera kuti dizilo abwere, chifukwa mabanja onse aja ankadalira mabasi amenewo, ndi lathu lomwe. Ine ndinkati ameni ndi pakamwa pokha.

Lachinayi la mlungu wachitatu masana, galimoto yamafuta inalowa pageti. Amuna anaithamangira akuimba malikhweru. A Namate analengeza kuti mawa mabasi onse atuluka. Ndinali ndi madzulo onse oti ndipeze pokusiya. Panali amayi a kumpingo amene akanakulandira tsiku limodzi, ndikanangogogoda. Sindinagogode. Ndinadziuza kuti mwina zangochitika, mwina wachira ndithu, mwina thupi lako lakhwima. Zoona zake n'zakuti ndikanavomereza kuti ndi utsi, ndikanavomerezanso kuti masiku okhala nawe atha. Ndiye Lachisanu ndinakuveka zipewa zako n'kukubereka.

Mabatire onse anali atafa. Ankakankha basi imodzi, ikalira dalaivala n'kuponda mafuta mpaka pansi kuti isazimenso, amuna n'kuthamangira ina. Iliyonse inkalavula chiutsi chakuda bii chimene chinasonkhana masabata atatu, ndipo iliyonse ikalira anthu ankaombera m'manja. Pasanathe ola sindinkaona mpanda wakumbuyo. Iwe unathamangira wekha ku basi ya ku Mulanje. Che Sumani anandiyang'ana patali, iwe uli m'manja mwawo, ngati akundifunsa. Ine ndinawerama n'kumalemba. Anakukhazika paboneti.

Ndinali nditalemba mabasi anayi pamene ndinamva hutala yawo ikulira mosalekeza. Ndinathamanga. Unakhala tsonga, mapewa m'mwamba, maso ali tong'o, sukulira chifukwa unalibe mpweya wolilira. Khungu la pakhosi ndi pakati pa nthiti linkalowa m'kati ukamakoka. Milomo yako inali itatuwa ngati phulusa. Ndinapopera m'botolo, ndinapoperanso. Palibe chinasintha.

"Khalani pansi, mugwireni chilili," anatero Che Sumani. Anakuwira mlonda kuti atsegule geti, ndipo chibasi chonse cha mipando makumi asanu ndi limodzi chinatuluka ndi anthu atatu, hutala ikulira mpaka pachipatala.

Masiku asanu m'chipatala

Anakuika pa makina a mpweya. Sindilemba zambiri za maola amenewo, dzanja langa likukana. Pofika madzulo mtundu wa milomo yako unabwerera, ndipo unapempha tiyi.

M'mawa mwake namwino wina wachikulire akukonza bedi ananyamula bulangeti lako, analinunkhiza, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mayi, bulangeti ili likununkha dizilo. M'buku alemba kuti mwana amakhala kunyumba. Kunyumba kwanu ndi m'thanki?"

Ndinawauza zonse. Yadi, denga, boneti, masabata atatu aja. Sanandikalipire, ndipo zimenezo zinandipweteka koposa. Anaitana adokotala, mayi wa msinkhu wanga womwe, amene anakhala pamphepete pa bedi n'kundifotokozera ngati akulankhula ndi mng'ono wawo. Anati mwina unabadwa ndi chifuwa chosachedwa kutupa, zimenezo si mlandu wa munthu. Koma utsi wa galimoto uli ndi tinthu ting'onoting'ono tosaoneka timene timalowa mpaka m'kati mwa mapapo n'kumakanda tinjira ta mpweya tsiku ndi tsiku. Anati mwana amapuma mofulumira kuposa wamkulu, ndi wamfupi kotero mphuno yake ili pafupi ndi ekizozi, ndipo mapapo ake akadakula. Anatinso chitetezo cha m'thupi chikamalimbana ndi utsi tsiku lililonse chimasokonezeka, n'chifukwa chake chimfine chilichonse chodutsa chinkakupeza.

"Koma ine ndimaopa mphepo, adokotala," ndinatero.

"Kuzizira kumatha kuyambitsa, inde. Mumuveke juzi. Koma inu mumamuthawitsa mphepo n'kumulowetsa mu utsi. Mankhwala tikupatsani, azimwa ndithu. Chimene sindingakupatseni ndi mpweya wina. Umenewo mukaufune nokha."

Che Sumani anabwera tsiku lachitatu ndi nthochi. Anaima pakhomo la wodi, chisoti m'manja, osafuna kulowa. "Ndine ndinamuika pamenepo, achemwali. Ndinkayesa ndikuthandiza." Ndinawauza kuti ayi, iwo anandifunsa ndi maso ndipo ine ndinawerama. Tinaima choncho, aliyense akulanda mlandu kwa mnzake, mpaka iwe unakuwa uli pabedi kuti, "Che Sumani, Mulanje-Muloza!" Bambo wamkulu uja anatembenukira kukhoma.

Ogasiti, chosankha

Ndinapita kwa a Namate kukapempha kuti andibwezere ku ofesi ya m'tauni. Anati kulibe malo, ndipo ngakhale akanakhalapo, kumeneko mwana sangalowe. Ndinawafunsa ngati mabasi sangamazimitsidwe podikira. Anapumira m'mwamba. "Mayi, ndalembera akuluakulu za mabatire kangati? Ndikazimitsa, mawa palibe basi ituluke." Ndinayendera sukulu zamkaka zitatu. Zonse zinali m'mphepete mwa msewu, ana akusewera kuseri kwa waya, maminibasi akufuka mbali inayo. Nyumba yathu ku Manja nayo inali pafupi ndi siteji. Ndinaganiza zosiya ntchito, koma pakhomo panalibe wina wobweretsa chakudya, ndipo mankhwala ako sankapezeka nthawi zonse kuchipatala.

Achemwali anga a Esinati, amene iwe umawatcha amayi, anabwera kuchokera ku Mulanje kudzakuona. Anamvetsera zonse akusenda mbatata, kenako anaika mpeni pansi.

"Ndipatse mwanayu."

"Achemwali, kwanu kuja kumazizira kuposa kuno! Chiperoni chimachokera komweko."

"Kumazizira, eya. Ana anga anayi akulira momwemo, waona wina akupumira m'botolo? Iwe vuto lako ukufuna mwana akhale bwino koma ali pamaso pako. Sankha chimodzi."

Ndinawakwiyira masiku awiri. Tsiku lachitatu ndinachapa zovala zako zonse, ndinazichapanso kuti fungo lichoke, ndinalemba papepala kamwedwe ka mankhwala ndi zizindikiro zothamangira nazo kuchipatala, ndinakopera kawiri kuti lina likatayika lina likhalepo. Sindinalole kuti ulowenso mu yadi. Che Sumani anaima panja pa geti, achemwali anakwera nawe n'kukhala pawindo. Iwe unasangalala, unkayesa ndi ulendo wa tsiku limodzi. Unandibayibitsa ndi manja onse awiri. Ndinabwerera m'kachipinda, ndinayang'ana wotchi, ndinalemba nthawi.

Zaka zitatu zotsatira

M'mawa uliwonse ndinkalemba basi ya ku Mulanje ikutuluka, madzulo ndinkailemba ikulowa. Che Sumani ankandinyamulira timaphukusi, achemwali n'kumadikira kumsewu. Pobwera ankaima pawindo langa asanakaimike basi. "Inspekitala wanenepa." "Inspekitala wagula mbuzi, akuti ndi yake." "Lero sanabwere kumsewu, akuti ali kumtsinje ndi anzake." Ndinkakhalira mawu amenewo. Mphumu sinathe, unadwalako kawiri m'nyengo yozizira, koma sunagonekedwenso, ndipo chimfine chinakuiwala.

Ndinkabwera kamodzi pamwezi ndikapeza tsiku. Miyezi yoyamba unkandikakamira pochoka mpaka achemwali ankachita kukumatula. Kenako unkalira pang'ono. Kenako tsiku lina ndikufika pabwalo ndinamva ukuuza mnzako kuti, "Awo ndi amayi a ku Limbe." Ndinaseka nawo onse. Pobwerera ndinakhala mpando wakumbuyo kuti Che Sumani asandione pagalasi.

Chaka chachiwiri chili kumapeto, kampani inagula mabatire atsopano, ndipo kunabwera kalata yoti basi yoima izizimitsidwa kuti dizilo asawonongeke. Mwambo wonse uja unatheratu mlungu womwewo. Ndinaiwerenga kalatayo pabolodi kawiri. Za mapapo a munthu munalibemo.

Chaka chimene unayamba sukulu

A Namate asanapume anandikonzera malo ku stolo ya zipangizo, kutali ndi geti, koyamba ntchito dzuwa litatuluka. Ndinasamukira ku nyumba ina yakumtunda, kotalikirako ndi msewu. Ndinati nthawi yakwana. Ndinakulembetsa pa sukulu ina ku Limbe, ndinapempha achemwali kuti akuyeze ndi chingwe ngati ndikufuna kukusokera diresi la Khirisimasi, ndipo telala anandisokera yunifolomu. Ndinaisita, ndinaipinda, ndinaiika pansi pa chikwama, pamwamba ndinaika shuga ndi sopo. Sindinauze munthu.

Ndisanapite ndinayenda njira imene ukanamayenda popita kusukuluko. Ndinapita nthawi ya m'mawa, dala. Ndinaona ana ang'onoang'ono atagwirana manja m'mphepete mwa msewu, magalimoto ataima mzere wosasuntha, lole ikukwera chitunda ikufuka, ana aja akudutsa mu utsiwo akucheza. Ndinadziuza kuti ndi mphindi makumi awiri zokha, kupita ndi kubwera. Ndinadziuza kuti wakula tsopano. Mawu amenewo ndinawazindikira, ndinali nditawanenapo kale, koma ndinakwerabe basi.

Ndinafika masana. Kunali nkhungu paphiri, kukuzizira. Achemwali anali pakhonde akusankha nyemba, ndipo anati uli kumtsinje. Wina anakuwa kukuitana. Ndinakuona kumunsi kwenikweni, kadontho kofiira pakati pa minda ya tiyi, ndipo unayamba kuthamanga. Chitunda chochokera kumtsinjeko ine ndinkapumira kawiri pochikwera. Iwe unachikwera chonse osaima, wopanda nsapato, wopanda chipewa, anzako awiri ukuwasiya m'mbuyo. Unafika n'kundigwera m'miyendo ukuseka. Ndinagwada ngati ndikukukumbatira, koma ndinaika khutu pamsana pako. Mtima unkagunda ngati ng'oma. Mpweya unkalowa, unkatuluka. Ndinadikira kakhweru kaja. Kunalibe.

"Mwandibweretsera chiyani?" unafunsa, dzanja lili kale pa zipi ya chikwama.

Ndinaligwira dzanjalo. Ndinatulutsa ndekha shuga, sopo, ndi paketi ya mabisiketi, ndinatseka zipi. Unatenga mabisiketi n'kuthamangira anzako, kutsikanso chitunda chomwe chija.

Achemwali anali akundiyang'ana, nyemba zili m'manja. Amandidziwa kuyambira ndili wakhanda.

"Chikwamacho chatsala ndi kanthu. Wabwera kudzamutenga?"

"Ayi," ndinatero. "Ndangobwera kudzamuona. Mumulembetse sukulu ya konkuno."

Unakhala kumeneko mpaka unamaliza sitandade eyiti. Sindinakupereke chifukwa unali wovuta, mwana wanga. Koyamba ndinakupereka mochedwa, nditatsala pang'ono kukutaya chifukwa chokufuna pafupi. Kachiwiri ndinakusiya ndikudziwa chimene ndikuchita, ndipo ndi chinthu chokhacho pa moyo wanga chimene ndinachichita bwino chikundipweteka chonchi.

Yunifolomu ija ili m'sutikesi yobiriwira pamwamba pa wadirobu. Ukabwera udzaitsitse wekha, ine msana sundilola. Ndi yaing'ono kwambiri, Ulemu. Sungakhulupirire kuti unali wotero.